Zilembo za Pawotchi

Anthu ankawatcha a Kagalasi, chifukwa cha kagalasi kokulitsira zinthu kamene kankalendewera pakhosi pawo. Kwa zaka makumi atatu ankakhala m'kashopu kodzaza mawotchi, mbale zakale ndi mamendulo, akuuza anthu ngati zimene makolo anawasiyira zinali zenizeni kapena ayi. Koma maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ankabisa. Ankangoti mababu a masiku ano ndi ofooka.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mayi wina, mphunzitsi, atakulunga wotchi yam'thumba pakampango. Anati inali ya bambo ake, amene anamubereka kunja kwa banja. Bambowo anamwalira, ndipo ana am'banjamo anamukana, mpaka kumuthamangitsa pamaliro.

"Chuma chawo sindikuchifuna, bambo," anatero mayiyo. "Kumbuyoku bambo anga analembako dzina langa nditangobadwa. Iwo akuti ndalembetsa ndekha. Mundilembere kalata yoti zilembozi n'zakale."

A Kagalasi anaika kagalasi padiso, koma anangoona mbuu. Anasendera pawindo, sizinathandize. Kenako anayendetsa chala pazilembozo. Zilembo zakale zimasalala chifukwa chokhulana ndi thumba, koma izi zinkakola chikhadabo.

"Wotchiyi munaipeza liti?"

"Amayi anandipatsa ali m'chipatala, zaka zitatu zapitazo."

"Mwana wanga, zilembozi n'zatsopano."

Mayiyo anagwada n'kuwagwira mwendo wa thalauza.

"Adziwa ndani? Ingolembani. Ana anga amandifunsa kuti agogo awo anali ndani, ine pakamwa gwa."

A Kagalasi anatenga cholembera, n'kuchibwezanso patebulo. Kulemba bodza sakanatha. Kumusiya atuluke wopanda pogwira, nakonso kunawakanika.

"Dzukani, mayi. Ndikuuzeni zoona, maso anga anatha. Ndayeza ndi chala chokha, ndipo chala chimanama. Pitani kwa wosula mphete wa kuseri kwa msika, iye amaona bwino."

Mayiyo anakulunga wotchi yake n'kupita. Kumeneko anafotokoza chifukwa chimene a Kagalasi anamutumizira, ndipo wosula mpheteyo analibe m'mimba mosungira nkhani. Pofika Loweruka msewu wonse unali utadziwa kuti maso a Kagalasi anatha. Anthu ankadutsa pakhomo la shopuyo atanyamula timabokosi tawo, n'kungopereka moni osaima.

Miyezi iwiri itatha, a Kagalasi anabweza makiyi kwa mwini nyumba. Zimene wosula mphete anamuuza mayi uja sanazimve, ndipo sanafunse.