A Bronek Gajda, Mmisiri Amene Anakhala Pansi pa Silabu

Agogo anga, a Bronek Gajda, ndinawaona komaliza Loweruka la sabata yoyamba ya Adventi, nyengo yokonzekera Khrisimasi. Anali pampando wawo wa pawindo la kukhitchini, bulangete lili m'miyendo, maso ali pa nyumba imene ikumangidwa tsidya la msewu. Chipale chofewa chinali chitagwa, ndipo amuna awiri ankayenda pa matabwa a m'mwamba osasesapo.

"Pita ukawauze athire phulusa pa matabwa aja," anatero.

"Agogo, basi indisiya. Komanso anthu aja si anu."

"Ndi a munthu wina. Ndowa ili kuseri kwa mbaula."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Amunawo anandiseka, koma phulusa anathira. Ndinakweza dzanja cha kuwindo, agogo n'kugwedeza mutu, ine ulendo kothamangira basi ya ku Kraków. Sindinalowenso m'nyumba kukatsanzika. Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa agogowo m'kalata ya parishi yathuyi, sindinathe kukana.

A Bronek anabadwa mu 1950 m'mudzi wa kumapiri kufupi ndi Limanowa, wachinayi mwa ana asanu ndi awiri. Makolo awo anali ndi ng'ombe ziwiri ndi kamunda kamiyala ka mbatatesi. M'nyengo ya Adventi mayi awo ankadzutsa ana onse kupita ku Misa ya m'bandakucha, ndipo Bronek ndiye ankatsogola ndi nyali, akuponda chipale kuti ang'ono ake apeze popondapo. Sukulu anailekeza ali ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kutsatira mkulu wawo Staszek kuntchito ya zomangamanga.

Mu Disembala 1973 awiriwa ankamanga nyumba yosungiramo mbewu. Anathira silabu ya konkire ya pamwamba, kenako kuzizira kunagwa kwadzaoneni. Konkire amafuna kufunda kuti agwire. Kukazizira kwambiri madzi a m'kati mwake amangoundana, ndipo amaoneka wolimba ngati mwala pamene sanagwire n'komwe. Aliyense mtima unali kunyumba chifukwa Khrisimasi inali itayandikira, choncho anachotsa mizati yochirikiza silabuyo. Wina anakoleza moto m'diramu pansi pake kuti anthu awothe manja. Bronek anali atatumidwa kukatenga misomali. Staszek anali pamoto paja pamene silabu inagwa, ndipo anafera pomwepo.

Madzulo a pa 24 Disembala mayi awo anayala patebulo monga chaka chilichonse, n'kuikanso mbale ya mlendo wosayembekezeka. Atakhala pansi anaona kuti mbale zopanda munthu zilipo ziwiri. Palibe amene analimba mtima kuchotsapo imodzi.

A Bronek nkhani imeneyi sankaikamba kawirikawiri. Anakwatira agogo aakazi, a Genowefa, amene ankawatchula kuti Gienia, mu 1976, anabereka ana atatu, ndipo pambuyo pake analeranso ine. Koma kuyambira chaka chija, Disembala akafika ankasintha. Ankatuluka m'Misa ya m'bandakucha n'kulunjika kuntchito anzawo asanafike, ndowa ya phulusa ili m'manja. Ankasesa matabwa, kugwedeza makwerero onse, kuthyola madzi oundana olendewera padenga. Ankati, "Mulungu anandipatsa maso awiri kuti limodzi liziyang'ana khoma, linalo liziyang'ana mnzanga."

M'kanyumba kopumuliramo, mbaula ikayaka, iwo ankatsegula windo pang'ono.

"Akulu, tsekani apo, tiuma ngati nsomba," anzawo ankadandaula.

"Wouma timamuika pamoto n'kutsitsimuka. Wogona ndi utsi sadzuka."

Denga likatha, amisiri akamangirira nkhata ya masamba a paini pamwamba, ambiri ankafuna kutsegula botolo la vodika pomwepo. A Bronek ankalilanda, n'kulitsekera m'thumba la jekete, n'kuyamba iwo kutsika. "Lilibe miyendo ili, silithawa. Mukalipeza pansi." Iwo eni ankamwa kakapu kamodzi kokha, aliyense akatsika. Anzawo anawapatsa dzina loti Bambo Dikirani, ndipo ankavomera akaitanidwa choncho.

Mayesero awo aakulu anadza mu Disembala 1996. Anali m'gulu la amuna asanu ndi atatu amene ankamanga nyumba yosanja m'tauni, ndipo kapitawo wawo anali a Sobol. M'gulumo munalinso mnzawo wapamtima, Zdzisek Kulig, amene mwana wake wamkazi anaimiridwa ndi a Bronek pa ubatizo. Lachisanu pa 20, a Sobol analamula kuti mizati ya pansi pa silabu yatsopano ichotsedwe, ipite kumalo ena antchito. Ikachoka, gulu lonse likanapuma mpaka chaka chatsopano. Ikatsala, anafunika kumabwera pakati pa masiku a chikondwerero kudzafunditsa silabuyo ndi mphasa za udzu ndi kuisonkhezera moto.

A Bronek anatenga hamala, n'kubenthula kachidutswa pakona ya silabu. Anakaika m'chitini, chitinicho n'kuchikhazika pambaula. Anthu asanamalize kumwa tiyi, kamwala kaja kanali katasanduka phala la mchenga. Anapita nacho kwa a Sobol.

"Masiku akwana, pepala likutero," anatero a Sobol osayang'anamo bwino.

"Bwana, pepalalo limagona muofesi. Konkire ndiye wakhala akugona panja."

"Wasanduka injiniya liti, Gajda? Anyamata, tiyeni, yambani kuchotsa."

A Bronek anabwerera kusilabu kuja. Anatola ndowa, n'kukaivundikira pakati penipeni pansi pa silabu, n'kukhalapo. Anatulutsa korona wawo wopempherera m'thumba.

Zdzisek anawatsatira. "Achimwene, musatichititse manyazi. Kwathu nsomba ya Khrisimasi yagulidwa kale, ikusambira m'bafa, ana akundiwerengera masiku. Dzukanipo apa."

"Nsombayo iuze idikire, Zdzisek. Ndikufuna ukaidye mano ako ali onse m'kamwa."

"Asiyeni," wina anatero ali kumbuyo. "Bambo Dikirani akudikira mngelo abwere kudzasaina."

Anthu anaseka, koma palibe amene anakhudza mzati munthu ali pansi pake. A Sobol anakalipa, ananyengerera, anakalipanso. A Bronek anakhala pandowa paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, mphepo ikulowa mbali zonse, akusuntha mikanda ya korona ndi zala zimene zinali zitasiya kumva. Zala ziwiri za kudzanja lamanzere sizinachirenso moyo wawo wonse. Pomaliza a Sobol anagonja kuti mizati itsale.

"Koma iwe tenga zida zako," anatero. "Ndisadzakuonenso pano."

Akutuluka pageti, Zdzisek analavula pansi patsogolo pawo. Khrisimasi ya amuna aja inaduka pakati, ndipo mlandu wonse anausenzetsa a Bronek.

Silabu ija sinagwe. Chowawa chake chinali chimenecho. Munthu akatulutsa mnzake m'nyumba imene ikupsa, tonse timamuona n'kumuyamika. Koma a Bronek analibe choloza. Nyumba inatha, mabanja analowamo, ndipo mbiri inafala yoti Gajda ndi wovuta, woimitsa ntchito chifukwa cha chitini. Kwa zaka ziwiri palibe kampani imene inawalemba. Ankakonza mbaula za anthu ndi kumanga makola a nkhumba. Ena mwa inu amene mukuwerenga kalatayi munkawaseka pakhomo pa tchalitchi, mutaponda masitepe amene iwo anawaza phulusa m'mawa womwewo. Sindikunena izi kuti ndikuzengeni mlandu. Iwo sakanandilola. Ndikungofuna kuti zilembedwe.

Sanadandaule kwa munthu. Chaka chilichonse, ponyemerana mkate woyera madzulo a Khrisimasi, ankapempherera a Sobol ndi Zdzisek powatchula maina. Agogo aakazi ankatseka pakamwa.

"Gienia, ameni?" ankawafunsa.

"Ameni wanga sapita kwa anthu amenewo. Tumizani wanu."

"Wanga ndi wamng'ono, koma apita."

Pambuyo pake anapezanso ntchito m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo khalidwe lawo silinasinthe. Anapuma pantchito mu 2015 chifuwa chitalema ndi fumbi la simenti. Anapitiriza kutumikira m'parishi: kuyatsa makandulo, kunyamula mtanda pa maliro, kusesa njira ya kumanda chipale chikagwa. Ine nditapita kukaphunzira za zomangamanga, ndinakapeza m'mabuku kuti zimene iwo ankaona m'chitini zili ndi maina aatali ndi masamu ake. Nditasiya maphunzirowo m'chaka chachiwiri ndinabwera kunyumba ndikuyembekeza kukalipidwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndadya.

Za masiku awo omaliza ndinamva kwa agogo aakazi. Chifuwa chinakula pakati pa Adventi, ndipo anakana kupita kuchipatala kachitatu. Lolemba masana kunabwera munthu wokalamba woyendera ndodo. Anali Zdzisek Kulig, amene sanapondepo pakhomopo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anakhala pampando wa pafupi ndi bedi, chipewa akuchipotokola m'manja.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani."

"Wakalamba, Zdzisek."

"Inunso simukuoneka ngati mkwati." Anakhosomola. "Tsiku lija, inu mutachoka, ine ndinabwerera. Ndinagwetsa mizati inayi ya pakona, kuti ndidzakuonetseni kuti munatizunza chabe. Kutangoyamba kufunda mu Januwale, kona ija inatsika. Inang'ambika moti dzanja langa linkalowa lonse. Ine ndi a Sobol tinaigumula n'kuthiranso Lamlungu, anthu ali kutchalitchi. Sitinauze munthu. Tikanachotsa yonse tsiku lija, n'kuyatsa moto pansi monga timachitira, tonse asanu ndi atatu..." Sanamalize.

Agogo aakazi akuti anaima pakhomo pa chipinda akukumbukira zaka ziwiri zija. A Bronek anafunsa akupuma movutika:

"Panali munthu pansi pake itatsika?"

"Panalibe."

"Chabwino. Nanga mwana wanga wa ubatizo ali kuti masiku ano?"

"Ali ku Tarnów. Ali ndi ana atatu."

"Atatu," anatero a Bronek, n'kutseka maso akumwetulira. "Gienia, mpatse tiyi munthuyu. Wazizidwa."

Agogo aakazi anampatsa tiyiyo. Akuti shuga sanathiremo. Zdzisek yemweyo ndiye wandipempha kuti nkhaniyi ndiilembe ndi dzina lake, ndipo ndachita monga wafunira.

Moyo wa a Bronek suli ndi zozizwitsa zoti tingalozere. Uli ndi amuna amene anafika kwawo, n'kukhala pamipando yawo, n'kudya ndi ana awo osadziwa kuti panali chinthu chimene chinawalambalala. Mwa asanu ndi atatu aja, awiri anamwalira ndi ukalamba ali pa mabedi awo, ndipo otsalawo ali ndi zidzukulu. M'parishi muno ambiri timadya za zomangamanga, ndipo Disembala aliyense timathamanga kuti titsirize Khrisimasi isanafike. Pakati panu pakapezeka wina wonena kuti dikirani, musamuthamangitse. Mwina simudzaona chimene wakupulumutsaniko.

Tsiku lotsatira kubwera kwa Zdzisek, bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Anayankha mapemphero onse ndi mawu awo, ngakhale anali otsika. Kenako anapempha agogo aakazi kuti awerenge nawo korona, iwo akutsatira ndi milomo. Pa chigawo chachitatu agogo aakazi anazindikira kuti akupemphera okha, koma anapitiriza mpaka kumapeto asanaitane munthu.

Anamwalira Lachiwiri, pa 19 Disembala 2023.