Kuthokoza za Dzulo mu Wodi ya Ana

Ku Mpingwe aliyense amamudziwa Ethel Namanja, ngakhale ambiri amangoona fumbi la galimoto yake. Ndi dokotala wa ana pa chipatala china chachikulu m'tauni muno, mwana wa malemu a Namanja aja ankagwira ntchito pa fakitale ku Makata. Agogo ake anachokera ku Mozambique wapansi, ndiye khama ndi lakumtundu. Koma khama nalo limatha. Chaka chathachi Ethel anatopa kutopa kosamva tulo. Ankafika kuntchito, n'kuzimitsa galimoto, n'kungokhala momwemo atagwira chiwongolero, miyendo ikukana. Mwana akachira sankasangalala, akamwalira sankalira, ndipo zimenezi zinkamuopsa kuposa kutopako.

Bungwe lina la ku Sunnyside linamuitana kuti akayambe ntchito kumeneko: ofesi ya pamthunzi, misonkhano ya tiyi, Loweruka kugona mpaka dzuwa kuswa mtengo. Linkadikira yankho mwezi usanathe. Akanachoka, wodi ikanatsala m'manja mwa madokotala ophunzira okhaokha, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe.

Amayi ake, a Martha, amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, ndipo sapsatira mawu. Lamlungu lina pochokera ku Misa anamufunsa:

"Iwe Ethel, a Paston anakukankhira galimoto dzulo. Wapita kukathokoza za dzulo?"

"Ndinawathokoza pompo, amayi."

"Zikomo wa pompo aliyense amanena, ngakhale kondakitala. Munthu woleredwa amadzuka m'mawa n'kukanena za dzulo, kuti mnzake adziwe kuti anagona nazo. Sukuluyi inakudyera ulemu eti?"

Kwa aneba awowo Ethel anapita atakwinya nkhope. Pobwerera anadziikira lamulo: ngati n'kuchoka, asachoke ngati wakuba. M'mawa uliwonse, asanayambe kuona odwala, azithokoza munthu mmodzi pa chinthu chenicheni cha dzulo lake.

Anayambira kwa a sisitala Constance, namwino wamkulu wa wodiyo.

"Zikomo za dzulo, a sisitala. Munapeza mtsempha wa khanda lija ine utandikanika."

"Adokotala, mukudwala?" anafunsa a sisitala akumugwira pamphumi.

Anthu anaseka, iye sanasiye. Chinamuvuta n'chakuti kuti uthokoze mawa uyenera kupenya lero, ndipo Ethel anali atasiya kalekale kupenya anthu. Anayamba kuona bambo wokolopa amene ankaimbira ana oopa jakisoni, ndi amayi odikirira odwala akugawana sopo. Tisanamizane, zikomo sanachulukitse mankhwala, ndipo msana unkapwetekabe. Koma poyang'ana anzake anaona kuti nawonso atheratu. Anagogoda kwa mkulu wa chipatala mpaka mkuluyo anatopa naye, n'kulola kuti azipumako mosinthana. Tsiku lake loyamba lopuma anagona ngati thumba la chimanga.

Kenako mwana wa mayi wina dzina lake Afisa anamwalira. Anali kamnyamata kodwala chibayo kamene Ethel analimbana nako sabata yonse, ndipo dzulo lake kanali katayamba kupempha phala. M'mawa mwake Ethel anafufuza mumtima chothokoza, osachipeza. Mtima unali utauma gwa, ndipo anatsimikiza zovomera ntchito ya ku Sunnyside tsiku lomwelo.

Akudutsa kuseri kwa nyumba yachisoni anaona Afisa atakhala pansi yekha, kudikira abale ndi galimoto yodzatenga maliro. Apo ndiye anakumbukira. Mayi ameneyu ndiye ankathamangira anamwino mwana wa mnzake akabanika, ndiye ankatungira madzi amayi amene sankatha kusiya ana awo.

Ethel anakhala pansi pafumbi, ndi chovala chake choyera chomwecho.

"Mayi, pepani. Ndabwera kudzathokoza za dzulo, ndi za masiku onsewa. Mwanayu munamusamala, ndipo ifenso munatithandiza."

Afisa anadzutsa mutu, n'kumuyankha:

"Ine ndimati mwabwera kudzandikalipira kuti ndinachedwa naye. Apongozi akutero pafoni."

"Simunachedwe. Akafika ndiwauza ndekha."

Pamenepo Afisa analira, ndipo Ethel, amene misozi inamuthawa kwa miyezi, analira naye osachita manyazi. Zinamupweteka kwambiri, komabe anasangalala kuti zikumupweteka.

Afisa atapukuta m'maso ndi chitenje anafunsa motsitsa mawu:

"Nanga kamtsikana ka pabedi lapambali kaja, kadzuka bwanji? Dzulo kamapuma mobanika."

Ethel sankadziwa, chifukwa mu wodi anali asanalowe. Anachita manyazi. Anaimirira, n'kusasa fumbi.

"Khalani pompano. Ndikakaone, ndidzakuuzeni."

Ali m'khonde foni inalira. Anali a ku Sunnyside, kufunsa mwaulemu ngati waganiza. Ethel sanachepetse liwiro.

"Zikomo kwambiri pondikumbukira, koma funani wina. Pepani ndidule, pali mayi akudikira yankho panja."