Mbewu Imene Mayi Sefa Anaiona

Anthu ankangowatchula kuti Mayi Sefa, dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Zaka makumi awiri ndi zisanu anagwira ntchito kuseri kwa sitolo ya mbewu ya tirigu, m'chipinda cha zenera limodzi momwe fumbi linkalowa mpaka m'makutu. Ankasefa, kupeta ndi kuyesa mbewu: kuwerenga njere zana, kuziyala pachiguduli chonyowa, n'kudikira sabata kuti aone zomera. Sukulu sanapite nayo patali, koma dzanja lawo silinkanama. Alimi asanagule ankangofunsa ngati Mayi Sefa aiona mbewuyo, basi.

Chaka china mvula inanyanya. Masamba a tirigu anachita dzimbiri n'kuuma ngala zisanakhwime, ndipo njere zinabwera zofota, zamakwinya, zopepuka ngati mankhusu. Pachiguduli zinamera makumi anayi ndi ziwiri zokha.

Tsoka lake, woyang'anira sitolo tsopano anali mkamwini wawo, bambo wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iye anali ataitanitsa kale mankhwala ofiira aja opaka mbewu kuti isaole m'nthaka. Mankhwalawo ndi abwino, Mayi Sefa sankakana. Koma amateteza njere yamoyo, sanenepetsa yofota. Choipa n'chakuti ukapaka, yabwino ndi yoipa zimafanana.

Kumutsutsa mkamwini pamaso pa antchito kukanawachititsa manyazi, poti si mwana wobala okha. Choncho anadzera kwa mwana wawo wamkazi, yemwe anamupeza akutsuka mbale.

"Ukawauze amuna ako kuti mbewu ija si yogulitsa. Yamera yosakwana theka."

Mwanayo anavomera, koma ankafuna mtendere m'nyumba mwake kuposa tirigu wa eni. Anakangonena kuti amayi akuti mbewu ya chaka chino ikufunika chisamaliro. Mkamwini anathokoza, anawonjezera mankhwala, n'kulamula kuti matumba asokedwe. Alimi akafunsa funso lawo lija ankayankha kuti eya, aiona. Ndipo sankanama, ndicho chopsetsa mtima kwambiri.

Lachinayi kunabwera mlongo wawo wa Mayi Sefa, mlimi wa munda umodzi wokha, kudzatenga matumba atatu. Mayi Sefa anaima pakhomo la chipinda chawo, manja ali psuu ndi mankhwala, akuona mkamwini akuthandiza kukweza katundu pangolo uku akuseka. Anati mumtima akamuuza Lamlungu kwawo, mwaulemu, popanda kuchititsa munthu manyazi. Lamlungu anapeza atafesa kale.

Patatha masabata atatu munda unali ngati mutu wa zipere, apa pamera, apo dothi lokhalokha, ndipo nthawi yofesanso inali itadutsa. Mlongoyo sanapite ku ofesi kukakalipa. Analowa m'chipinda cha fumbi chija, anakana mpando, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Achemwali, mkamwini wanuyo ine sindimudziwa. Ndinagula chifukwa cha inu. Ndiuzeni kuti simunaione, mtima wanga ukhale pansi."

Mayi Sefa akanatha kunena kuti anatuma uthenga ndipo unakathera kukhitchini. Koma kutero kunali kupereka mwana wawo, ndipo ankadziwa kuti pakamwa pamene panatsekeka pa Lachinayi paja panali pawo.

"Ndinaiona, achimwene."

Mlongoyo anagwedeza mutu n'kutuluka. Chiyambire tsiku limenelo akakumana panjira amawapatsa moni wabwinobwino, wofanana ndi umene amapatsa wina aliyense.