Mabuku Atatu a Amalume

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, mwendo utachita dzanzi chifukwa mayi wina amene sindimamudziwa n'komwe anautsamira usiku wonse. Tinagona amayi okhaokha, ena pakhonde, ena pabalaza, titapanikizana pamikeka. Nyimbo zinali zitatha kale. Anatsala mayi mmodzi wa kwaya amene ankang'ung'udza yekha atayedzamira khoma, maso ali chitsekere. Panja amuna anali atazungulira chitsa cha mango chimene chinakhala chikuyaka kuyambira Lachinayi. Linali Loweruka, tsiku loika m'manda amalume anga, mlongo wawo wa amayi, munthu amene anandilera ndi kundiphunzitsa sukulu.

Amalume anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, kufupi ndi Chiringa. Akazi awo atamwalira anabwerera kumudzi monga amachitira akamwini, namanga nyumba pafupi ndi ya amayi. Inenso ndimaphunzitsa pa sukulu yomweyo, koma Chichewa ndi Baibulo. Masamu ine ndinakhoza mochita kukwawa, ndipo amalume ankandiseka nazo mpaka ndili ndi ana anga. Lachisanu ahedi a sukulu yathu anandiitanira kuseri kwa nyumba, nandipepesa, kenako anandiuza kuti kuyambira Lolemba linalo masamu a Fomu 1 akhala anga. Mphunzitsi wa masamu watsala mmodzi, ndipo makalasi atatu enawo amulemera kale. Ndinavomera mosavuta. Ndinkadalira mabuku atatu.

Ana amene amabwera kwa ife kuchokera ku pulayimale, ambiri sadziwa kuti theka ndi lalikulu kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Akaona 3 pansi pa kamzere amati wamkulu ndi ameneyo, ndipo amalumbira. Buku la boma limafuna kuti posakhalitsa ayambe aljebura, masamu a zilembo aja. Amalume sankathamanga. Teremu yoyamba yonse ankabwerera nawo m'mbuyo. Ankadula chinangwa patebulo. Ankajambula mzere ndi phulusa pabwalo la mpira, ziro pakati, ana n'kumayenda chamtsogolo ndi chambuyo mpaka manambala a pansi pa ziro atalowa m'miyendo. Anali ndi sikelo yakale ya ogula nandolo ndi kabokosi ka machesi kotseka, ndipo ana ankapeza okha kuti m'kati muli timiyala tingati asanatsegule. Zonsezi ndinkaziona pawindo ndikudutsa ndi choko changa, koma sindinaimepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndimvetsere.

Chuma chenicheni chinali m'mabukumo. Anali mabuku a chikuto cholimba, okulungidwa m'jumbo ya shuga. Kwa zaka zoposa makumi awiri, mwana akalakwa mwa njira yatsopano, amalume ankalemba cholakwacho kumanzere kwa tsamba. Kumanja ankalemba funso loti umufunse mwanayo kuti adzigwire yekha. Mwina analemba m'Chichewa, mwina m'Chilomwe, Chingerezi mwa apo ndi apo. Munthu ngati ine, wosadziwa masamu, akanatha kuima pamaso pa kalasi ndi mabuku amenewo osachita manyazi.

Amalume ali kuchipatala anandiuza momveka bwino: "Mabuku ali pansi pa matiresi. Ukatenge lero, usadikire." Sindinatenge. Kulowa m'chipinda cha munthu akadali moyo n'kuyamba kutulutsa zinthu zake, kwathu kuno amati ukumukankhira kumanda. Atamwalira ndiye nkhani inakula, pakuti katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi maliro atatha. Ine woleredwa ndi iwo, ndikanakhala woyamba kunenedwa kuti ndayamba kulanda thupi lisanazizire. Choncho ndinadikira, monga mwana wa makhalidwe abwino.

M'mawa umenewo ndinadumpha miyendo ya anthu n'kulowa kuchipinda kwawo, osati kukatenga, kungofuna kuwakhudza kuti mtima ukhale pansi. Matiresi anali ataimikidwa pakhoma. Pabedi panali matabwa okhaokha ndi fumbi. Ndinaunika ndi foni pansi pa bedi, pazenera, pamwamba pa khoma pamene ankaika malezala. Ndinadziuza kuti wina wawasungira m'sutikesi poyeretsa chipinda, ndipo ndinatuluka chifukwa mayi wina anayamba kundiyang'ana kwambiri.

Kunja kunayamba kuyera. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu ndi zitsulo zokumbira, chifukwa nthaka ya mwezi wa Okutobala ndi mwala weniweni. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali atayalidwa mzere wautali. Nkhuni zinabwera dzulo lake kuchokera m'munsi mwa phiri la Michesi, mitolo pamitu ndi panjinga, ndipo zina zinali zaziwisi, moti utsi unkakwawa pansi n'kulowa m'maso. Amayi ena ankasankha nandolo m'malichero, ena ankatunga madzi pamjigo, ena ankakangana za amene wabisa mchere. Ndinapatsidwa mpeni ndi mulu wa kabichi. Ndinadula osaona chimene ndikudula.

Pofika naini koloko dzuwa linali litayamba kale nkhanza. Phiri linabisika m'chifunga cha kutentha, ndipo mphepo inkabwera yotentha ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa. Anthu ankafika m'tinjira tonse. Njinga zinaunjikana pansi pa mitengo mpaka kusowa podutsa. Ena anachokera ku Jenala wapansi, atanyamuka kusanache, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anabwera amalonda a pamsika atavala zisoti zawo zoyera, nakhala pambali mwaulemu. Ana a sukulu anabwera mu yunifolomu ngakhale linali Loweruka, ndipo a Fomu 1 anakhala pa okha, osadziwa poika manja. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Mtsikana wina anandimwetulira mwamanyazi, ndiye kuti mbiri inali itawapeza kale yoti mphunzitsi wawo watsopano ndine.

Panalinso akuluakulu ambiri amene anadutsa m'manja mwa amalume. Namwino wina, wina wa kabaza, wina amene ali ndi chigayo. Ndinamva bambo wina wa imvi zoyamba akufotokozera mnzake za kabokosi ka machesi, akuseka, kenako anasiya kuseka n'kupukuta nkhope ndi chipewa.

Cha m'ma leveni anatiitana ife achibale kuti tikaone nkhope. Tinalowa mzere, amayi patsogolo atagwiridwa ndi anthu awiri. Amalume anavekedwa jekete lawo lotuwa lija, limene matumba ake sankatha choko. Nkhope inali yaing'ono kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndinatsitsa maso chifukwa sindinathe kupirira, ndipo pamenepo m'pamene ndinaona. Pansi pa mkono wamanzere, pakati pa jekete ndi nsalu yoyera, panatulukira ngodya ya jumbo ya shuga, ndi msana wofiira wa buku.

Sindinafunse amene anaika. Lachinayi, uthenga utangofika, ndinagubuduka pakhomo pano ndikulira, ndipo mwa zimene ndinalira ndinati amalume sankagona osagwira mabuku awo, nanga kumene akupitako akagona bwanji. Anali mawu a maliro chabe, amene munthu amalankhula osawaganizira. Amayi anali pambali panga. Iwo sukulu anaisiyira Sitandade 2, ndipo kwa iwo mabuku amenewo anali ngati ndodo ya munthu wokalamba, chinthu chimene mwini wake angadzachifunefune m'maloto a otsala.

Dzanja langa linali pamphepete pa bokosi. Kuchokera pamenepo kufika pa jumbo sipanakwane ngakhale chikhatho chimodzi. Kumbuyo kwanga mzere unkakankha, wina akulira mokuwa m'khutu langa. Mayi wina wa mpingo anaona ndaima chilili, anaganiza kuti ndikukomoka, nandigwira mapewa n'kunditulutsa panja.

Ndinapita kwa amalume aakulu, mwini mbumba yathu, amene anakhala pampando pansi pa mthunzi wa tenti. Ndinagwada n'kuwanong'oneza zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo sanakalipe.

"Mwanawe, anthu onsewa aone tikupisa m'bokosi ngati tikusecha wakuba pamsika?" anatero. "Ine sindingayambe. Aika ndi amayi ako, ndipo ochotsa ndi iwo omwewo. Kawauze wekha. Akavomera, ine ndiwauza aime kaye kutseka."

Amayi anali pamkeka pakhonde, mutu uli pamiyendo ya mnzawo. Anali asanadye kanthu masiku atatu, ndipo ankalira m'Chilomwe chokhachokha, mawu atatha, kungotsala mpweya. Ndinayenda mpaka pakati pa bwalo. Ndinayesa kupanga mawu oti ndikanene: amayi, mphatso yomaliza imene mwapatsa mlongo wanu, itulutseni pamaso pa mudzi wonse, ndikuifuna ine. Ndinaima pamenepo padzuwa. Nthawi inalipo, ndipo sindinganamizire munthu aliyense kuti anandiletsa. Ndinaima mpaka ndinamva nyundo m'nyumba.

Bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa patebulo. Zolankhula zinali zambiri monga mwa nthawi zonse, aliyense akulonjeza kufupikitsa. Itafika nthawi ya ahedi, anayamikira amalume moona mtima. Kenako anauza makolo kuti asataye mtima, chifukwa malemu anasiya nzeru zawo zonse m'mabuku atatu, ndipo mwana wa mlongo wawo apitiriza pamene iwo asiyira. Anandiloza ndi dzanja. Anthu anang'ung'udza movomereza, mitu yonse inatembenukira kwa ine, ndipo bambo wina anaomba m'manja kamodzi asanakumbukire kuti ali pamaliro. Amayi sanamve chilichonse. Amalume aakulu anayang'ana nsapato zawo. Mabukuwo anali mapazi asanu kuchokera pamene ahedi anaima.

Ulaliki uli m'kati, mitambo inasonkhana pamwamba pa phiri, yakuda bii. Mbusa anaiona n'kudumpha mfundo yake yachitatu. Tinanyamuka. Bokosi linkasinthana mapewa, aphunzitsi anzawo, adzukulu, anyamata a Fomu 4, aliyense masitepe owerengeka. Njira ya kumanda imadutsa m'minda imene inali itagalauzidwa kale kudikira mvula, ndipo tinkayenda awiriawiri pakati pa mizere. Ine ndinali pafupi kumbuyo kwa bokosi. Nthawi zonse likapendekeka posinthana, ndinkaganiza za mabuku akuseseleka m'kati, osati za amalume. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Mvula inatipeza tikulowa m'nkhalango ya manda. Inali yoyamba chaka chino, madontho akuluakulu ofunda, ndipo fungo la fumbi lonyowa linadzaza paliponse. Anthu ena kumbuyo anayamba kunong'onezana za mbewu. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, nayala mphasa pamwamba pake. Ndinapatsidwa dothi kuti ndiponye. Linali litasanduka kale matope, ndipo linandikakamira m'manja moti ndinachita kukutumula. Kenako makasu anayamba. Sindinalire pamenepo. Ndinangoyang'ana dzenje likudzaza, ndikudziwa kuti mwana wina wa Fomu 1 amene anaima tsidya linalo ndi nkhata ya maluwa m'manja adzandifunsa funso limene yankho lake likukwiriridwa iye akuona.

Pobwerera tinasamba m'manja pamphambano. Anthu anadya mothamanga ataima m'makonde, ndipo mvula itangodula, njinga zinayamba kutha pansi pa mitengo. A ku Jenala ananyamuka msanga kuopa mitsinje. Mipando ya kutchalitchi inabwezedwa pamitu. Ahedi anandigwira dzanja potsanzika, nati ndipume kaye, zinthu zili m'manja abwino. Ndinatsegula pakamwa, koma kumbuyo kwawo kunali anthu ena ofuna kutsanzika.

Madzulo nyumba inakhala zii. Pabalaza panatsala mikeka yopindidwa, makandulo otha, ndi nsapato imodzi ya mwana imene mwini wake sanabwerere. Madzi ankadontha padenga kugwera m'beseni. Azibale ochepa amene anagonera anali kwa amalume aakulu, ndipo m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi amayi, amene anagona pamkeka pafupi ndi chitseko.

Ndinatulutsa buku la boma m'chikwama changa n'kutsegula pamene ahedi anandiuza kuti ana analekezera. Funso loyamba linali lakuti 3 kuchotsapo nambala ya pansi pa ziro, −5. Yankho ndi 8. Ndikudziwa chifukwa lalembedwa kumapeto kwa buku. Koma kuti munthu achotse chinthu n'kutsala ndi zambiri kuposa zimene anali nazo, zimatheka bwanji, ine sindidziwa, ndipo ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinajambula mzere papepala, ziro pakati. Ndinayendetsa chala chamtsogolo, chambuyo, n'kusokera. Pali lamulo lachidule loloweza, lakuti timizere tiwiri tikagundana timasanduka kuphatikiza. Mwana akaloweza amakhoza Lachisanu, n'kudzagwa chaka chamawa zilembo zikabwera, osadziwa chimene chamugwetsa. Ndikudziwa bwino, pakuti mwana ameneyo ndinali ine.

Amayi anatakataka pamkeka. Ndinkaganiza kuti ali m'tulo.

"Iwe," anandiitana ndi mawu osasa. "Unachita bwino kundikumbutsa za mabuku aja. Ine ndikanaiwala, achimwene akanapita chimanjamanja."

Ndinati, "Inde, amayi."

Anatembenukira kukhoma, ndipo posakhalitsa anayamba kupuma mwakuya, tulo tawo toyamba kuyambira Lachinayi. Ine ndinatenga pepala lina n'kulemba lamulo loloweza lija, m'zilembo zikuluzikulu, monga mmene ndidzalembere pabolodi kuti a kumbuyo adzaone.