Mbatata ya Pazenera

Mwana wanga wabwera kuchokera ku shikola ndi buku la Chinyanja, akuti ndimuthandize kuwerenga. Ndangoligwira n'kukumbukira amayi anga.

M'masiku athu, pa shikola ina kufupi ndi Fonte Boa, wolankhula Chinyanja m'kalasi ankagwada pamiyala mpaka poweruka. Tsiku lina kukuzizira, amayi anatulukira pazenera, mapazi ali mbuu, mbatata yootcha ili m'manja.

"Iwe, wachoka osadya kanthu. Bwera udzatenge."

Aphunzitsi anasiya kulemba. Anzanga onse anandicheukira. Ine ndinaweramira m'kaderno, kope langa lolembamo, n'kuyankha m'Chipwitikizi, chimene amayi sankamva. Ndinati achoke, akundichititsa manyazi.

Amayi anamwetulira monyadira, mbatata ikufukabe nthunzi.

"Aphunzitsi, wati chiyani mwana wangayu?"