Timbale ta Malamba

Lero fungo la kaunjika landikumbutsa nsapato zokhala ndi mateyala kunsi zimene achimwene anandigulira pa Namadzi. M'jumbo ya nsapatozo munalinso timbale tiwiri takuda ta malamba. Posadziwa ntchito yake, amayi ankathiramo madzi a nkhuku.

Kwathu simenti inali pakhonde la tchalitchi pokha. Ndinkafuna ndione ngati mateyala ondondozana mzere umodzi anganyamuledi munthu. Anandinyamula ndithu, mpaka khonde linatha. Bondo pa sitepe, phwa!

Kuchipatala, anesi akundipaka jivi anafunsa amayi kuti, "Nanga zovala m'mawondo sanakupatseni? Zimakhala ngati timbale, za malamba."



Nditafika kunyumba motsimphina, ndinaima pabwalo kumuyang'ana tambala wathu akumwa madzi m'chotchingira bondo langa.