Chishalo cha njinga yanga

Ndiyambe ndi uchitsiru wanga ndekha, chifukwa mukaumva kwa ena authira mchere. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti njinga imadziwa mwini wake, ndipo kuti yanga ija, yakuda, ya belu lomveka kutsidya kwa dambo, sinakhalidwepo ndi munthu wina. Mkazi wanga ndinamuletseratu. Ndinkati njinga ikazolowera anthu awiri imayamba kukana njira.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, maminibasi a ku Chipata atayamba kudzaza pa boma. Kwathu ku Mlolo kunamveka kuti kwabwera anthu a kafukufuku, ofuna kudziwa mmene timayendera: timapita kuti, pa chiyani, titanyamula chiyani. Mtima wanga unakana kukhala pansi. Woyenda m'mudzi muno ndani ngati si ine? Sukulu ndinalekera panjira, eya, koma Chingerezi chokanganira mpando ndi kondakitala ndinali nacho.

Wofunsayo anali mayi wa magalasi, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi. Sankalowa nyumba iliyonse. Ankaika zivindikiro za mabotolo m'chipewa, chilichonse cholembedwa nambala ya nyumba, n'kutola chimodzi akuyang'ana kumwamba. Ine ndinkangomutsata ngati ndatumidwa.

Chinayamba kugwera mnansi wanga, mkulu wa mpingo, munthu woti ulendo wake wautali ndi wa kutchalitchi.

"Mwapitako ku boma mwezi uno, abambo?"

"Iyayi."

Mayi uja anatembenuza masamba angapo osafunsa kanthu, posakhalitsa n'kutsanzika. Ndinalephera kupirira.

"Amayi, mwawadumphira mayeso akuluwa?"

"Amene sanayende sitimufunsa kuti anakwera chiyani," anatero. "Mukati iyayi, timalumpha. Mukati eya, funso limabala linzake."

Basi, ndinaganiza zoti kwa ine zikhala eya zokhazokha mpaka pensulo ithe. Kumunda ndinasiya kupita. Njinga ndinaipukuta mpaka inachita manyazi. Ndinkavala jekete dzuwa lili pamutu, kupita kumsewu, kubwerera, kukhala pakhonde, kudzukanso. Ndinamupempha mayi uja kuti ndimugwirire chipewa, apumitse pang'ono manja. Anakana, akuseka.

Tsiku lina chivindikiro chathu chinatuluka. Ndinakoka mpando, njinga n'kuiimika pomwe angaione.

"Akuluakulu muli angati m'nyumba muno?"

"Awiri, koma woyenda ndine."

Anaponya zivindikiro ziwiri m'chipewa, china changa, china cha mkazi wanga, amene ankatongola chimanga pamphasa osatilabadira. Anatola. Chinatuluka cha mkazi wanga.

"Bwezani, dzanja linaterereka!" ndinatero.

"Chatuluka chatuluka, abambo. Mukhoza kumvetsera."

Ndinadzitonthoza. Ndinati uyu anena iyayi kawiri, masamba atembenuzidwa, mayiyu asowa chochita, abwera kwa ine.

"Amayi, pakhomo pano pali njinga?"

"Eya. Si iyo yavala mafuta ngati mkwati."

"Mumadziwa kupalasa?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndimuyankhire.

"Eya," anatero mkazi wanga, chimanga chikugwabe m'lichero.

Mayi uja sanatembenuze tsamba. Anangotsitsa chala pamzere wotsatira.

"Mwaipalasapo mwezi uno?"

"Eya."

"Kupita kuti?"

"Kuchigayo. Kukiliniki ndi mdzukulu. Ku Zingalume kwa achemwali anga."

"Zingalume!" ndinakuwa. "Pa njinga iti?"

"Abambo, chivindikiro chanu chili m'chipewa," anatero mayi wa magalasi, maso ali papepala. "Amayi, mumaitenga nthawi yanji?"

"Akakwera minibasi kupita ku Chipata. Amaisiya kwa msuweni wanga wosoka zovala pa boma. Ine ndimakwera ngolo ya anthu a thonje, ndikaitenga, n'kuibweza iwo asanatsike."

Ndinadzuka. Ndinakhala. Ndinadzukanso kukayang'ana matayala, amene ndinakhala ndikutukwana mwenye wa ku Chipata kuti amandigulitsa osalimba. Mafunso ankangoberekana. Munanyamula chiyani? Inaphulikapo? Anamata ndani? Anamata yekha, ndi sipanala yanga ndi zigamba zanga! Pena mayi uja ankatolanso chivindikiro kuti aone tsamba loti afunse, la mvula kapena la milatho, ndipo lililonse mkazi wanga anali nalo yankho. Mkulu wa mpingo uja anali atafika kale pampanda, akutsokomola chitsokomolo choti aliyense akanadziwa kuti ndi kuseka.

Potsanzika ndinamuperekeza mayi uja mpaka kumsewu.

"Nanga za Chipata zanga simulemba?"

"Mwina ulendo wina chipewa chidzakukondani, abambo."

Sanabwerenso.

Madzulo amenewo ndinalowetsa njinga m'nyumba, n'kuizungulira, kufuna chizindikiro chomwe chinandiphonya zaka zonsezi. Ndinaliza belu. Linalira monga mwa masiku onse, lopanda manyazi. Ndinakonza mawu aukali, oti kuyambira lero loko ndi unyolo, koma ndisanawatulutse mkazi wanga anandipatsa sipanala m'manja.

"Bambo a ana, poti mwadziwa, chishalochi chitsitseni chikhale chomwecho. Ndatopa n'kumachikwezanso musanabwere."